Tinafika pa Mbenje, Koma Sitinapondepo

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa pa boti la alendo, ine amene ndinkalidziwa kuposa khitchini ya m'nyumba mwanga. Nthawi zonse ndimakuyankhani kuti miyendo inatopa. Inatopadi, koma umenewo ndi mchira chabe wa nkhani. Tsopano poti ndapuma, ndipo palibenso bwana woti andidule mawu, ndikulemberani mutu wake.

1989

Za ubwana wanga zisiyeni, azakhali anu amakusimbirani ngakhale musanafunse. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa hotelo ina ku Senga Bay, kochapa zovala, iwe Mervis uli kumsana. Makina akafa tinkachapa mashiti ndi matawulo pamanja, ndipo makinawo ankafa kawirikawiri kuposa mmene ankagwirira ntchito. Wotiyang'anira anali Mayi Chikopa a ku Zomba, aafupi, a mawu ngati belu la sukulu. Tawulo lililonse ankayamba alinunkhiza, likapanda kuwasangalatsa ankangoliponya pansi. Ndinkadana nawo, sindibisa. Koma ndi iwo amene anandikweza kukhala woyala m'zipinda, kenako woperekera zakudya, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa lamulo lalikulu la ntchito imeneyi. "Edina," ankatero, "mlendo asamaone thukuta lako. Magetsi akathima, uziti ayaka pompano. Madzi akasiya, uziti akubwera. Iwe uzimwetulira, zovutazo zizithera kuseri." Ndinalimva lamulolo n'kulitsatira zaka zambiri osafunsa. Bodza laling'ono lotonthoza mlendo sindinkaliwerengera ngati tchimo, ndipo ku Mgonero ndinkapita mtima uli m'malo.

2003

Chaka chimenechi eni hotelo anagula boti loyendetsa alendo m'zilumba. Linali loyera mbee, la zipinda zogona, bafa la madzi otentha, filiji, ndi mipando yogonera padenga. Anthu a ku gombe ankalitcha hotelo yoyandama. Ankafuna mzimayi mmodzi wosachita chizungulire pamadzi, ndipo ine mwana wa msodzi ndinapezeka kuti ndine.

Ulendo unkayambira pa Namalenje, alendo akaone ng'azi zikuothera dzuwa pa miyala, kenako kum'mwera ku Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, kumene ankavala magalasi n'kumira kukaona tinsomba tokongola ta mbuna. Ntchito yanga inali yoti akavuuka apeze tawulo louma, chambo chowotcha ndi vinyo wozizira. Ndinaphunzira kuyenda ndi thireyi yodzaza matambula boti likugwedezeka, osaswa ndi imodzi yomwe. Alendo ambiri anali oti anayendapo pa zombo zikuluzikulu za pa nyanja ya mchere, ndipo ankandiuza za zilumba zakutali za mitengo ya kokonati, ndi za zombo zokhala ndi dziwe losambiramo pamwamba pake. Ine ndinkaseka chamumtima. Munthu kukwera pamadzi n'kunyamulanso dziwe! Ankati nyanja yathu amaikonda chifukwa ndi yofatsa. Ndinkawavomera ndikumwetulira, koma amene amati nyanja iyi ndi yofatsa sanaione m'miyezi ya mwera.

Chilumba chimodzi chokha sitinkapitako, cha Mbenje, kumpoto. Inu mukudziwa chifukwa chake, koma ndilembe chifukwa cha adzukulu anga amene akukulira ku Lilongwe. Pa Mbenje mkazi sapondapo, mowa sufikapo, juga saichitirapo. Nyengo ya mvula chilumbacho chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo chikatsegulidwa amuna amakamanga misasa n'kukhala komweko akupha utaka. Akuluakulu amati mkazi akangopondapo mizimu ya pamalopo imakwiya, njoka zimatuluka, utaka umathawa. Wolakwa amamuthamangitsa, iye ndi maukonde ake omwe. Ine ndine wa mpingo, ndipo mukandifunsa ngati ndimakhulupirira za njokazo ndingokuyang'anani. Chimene ndinkadziwa n'chakuti kwina konse nsomba zinkachepa, pa Mbenje zinkapezekabe, ndipo ndiwo zimene munakulira inu zinkachokera kumeneko. Mlongo wanga wamng'ono Fanuwelo, amalume anu, anali ndi boti lake lamatabwa pachilumbapo, la injini, ndi alovi ake omugwirira ntchito. Analipeza movutikira, atakoka maukonde a anthu ena kuyambira ali wamng'ono.

2011

Ichi ndi chaka chimene mafuta anasowa m'dziko muno. Pa Salima boma magalimoto ankachita kumera mizu pa mzere. Woyang'anira boti nthawi imeneyo anali abwana Msiska, munthu wa ku mpoto, wosalalata, amene sankanyansidwa kudya nafe m'mbale imodzi. Ndisawanamizire, anali bwana wabwino kuposa ambiri amene ndinawagwirira. Koma eni hotelo ankawapanikiza. Alendo analipiriratu ali kwawo, ndiye ulendo sunkayenera kulephereka. Abwana anayamba kugula dizilo wa m'zigubu kwa anyamata a kuseri kwa depoti. Tsiku lina woyendetsa boti, a Jafali, Msilamu wa ku Chipoka amene anakalambira pa sitima za pa nyanja, anathira dizilo uja m'botolo n'kuliyang'ana padzuwa.

"Bwana, muli madzi umu."

"Ndikuona, a Jafali, nanenso ndili ndi maso. Ndipezereni wabwino ndigule."

"Kulibe, bwana."

"Ndiye tisefe tizipita. Kapena alendowa ndiwauze akwere bwato?"

A Jafali anangoti, "Inshallah tikafika," n'kupita kukamasula chingwe. Maulendo angapo tinafikadi, injini ikutsokomola koma ikuyenda. Tonse tinazolowera, ndipo ine ndinkauza alendo kuti ndi mmene imalirira.

Ogasiti 2011

Ulendo umenewu tinanyamula banja limodzi la azungu. Panali gogo wina wokalamba kwambiri amene tinkamutcha Gogo Magi, mwana wake wamkazi, mkamwini wake, ndi mwana wina wamwamuna. Gogoyo anali ndi matenda a mtima ndipo ankamwa mapiritsi pa chakudya chilichonse. Anandiuza kuti anayenda zilumba zambiri za pa nyanja ya mchere ndi malemu mwamuna wake, ndipo ana ake anamubweretsa kuno kuti aone zilumba zomaliza. Choncho akazi m'botimo tinalimo atatu.

Tinanyamuka m'mawa nyanja ili bata. Titangodutsa Namalenje, mwera unatipeza, wosapereka moni. Injini inatsokomola kawiri, n'kuzima. A Jafali anaponya nangula koma sanagwire, pamalopo panali pakuya. Abwana Msiska anaimba foni ku hotelo, ndipo ndinawamva akuti, "Mulibe mafuta? Ngakhale lita imodzi?" Kenako anaika foni m'thumba osandiyang'ana. Mphepo inayamba kutikankhira kumpoto, boti litapingasa, funde lililonse likutimenya m'nthiti. Matambula anga aja anasweka onse pakamodzi m'kabati. Ine ndinkangoyendayenda ndikugawa majekete oyandamitsa, ndikumwetulira, ndikuti ndi kamphepo chabe, katha pompano. Mumtima ndinkatchula mayina anu mmodzimmodzi.

Gogo Magi anasanza mpaka kusowa chosanza. Mapiritsi sankakhala m'mimba. Milomo inayamba kuchita imvi, manja kuzizira, ndipo mwana wake ankangondifunsa kuti tifika liti kumtunda. Dzuwa lili pamutu tinaona miyala patsogolo, ndipo ndinaizindikira: inali ya Mbenje. A Jafali analimbana ndi chiwongolero kuti tilowe kuseri kwa chilumba kumene mafunde ankachepako, ndipo anatsala pang'ono kukwanitsa. Tinamva kugunda pansi pa mapazi athu, boti n'kupendekeka. Madzi anayamba kulowa m'chipinda cha pansi. Ku gombe la Mbenje amuna ankathamanga, akukankhira maboti m'madzi kubwera kwa ife.

Pamenepo abwana Msiska anandikokera m'khitchini. M'manja anali ndi maovolosi atatu a anyamata a injini, ndi zipewa.

"Mayi Edina, valani iyi. Enawa muwaveke amayi awiriwo, tsitsi mubise m'zipewa, majekete pamwamba. M'chipwirikiti muno palibe adziwe."

"Bwana, paja pali mlongo wanga. Andidziwa ngakhale nditavala thumba."

"Ndiye zili bwino. Mlongo wanu sangakuululeni."

"Sangandiulule, eya. Nanga anzake akadzadziwa?"

"Tidzakhala titapita." Anandigwira pamkono, iwo amene anali asanandigwirepo. "Mayi, tamverani. Mukawauza zoona akakana? Gogoyu akafera muno mudzati chiyani? Ine ndikupulumutsa moyo wa munthu, inu mukuganiza za njoka."

Sindinkaganiza za njoka. Ndinkaganiza za Fanuwelo, amene ndinamubereka kumsana mayi athu ali kumunda. Ndikatsika nditavala ovolosi, iye andiyang'ana, andidziwa, n'kukhala chete, chifukwa chibale ndi fupa. Ife n'kupita, iye n'kutsala pakati pa anthu mazanamazana amene moyo wawo uli pa utaka wa pamenepo. Zikadzaululika, am'thamangitsa ngati wakuba. Zikapanda kuululika, tsiku lililonse maukonde akatuluka opanda kanthu iye azidziwa chimene anabisa. Koma abwana sankanamanso ayi. Gogo uja anali akupita, ndipo mkangano uliwonse unali nthawi yomudyera moyo. Ndinatenga ovolosi ija, ndinalowetsamo mwendo umodzi. Kenako ndinasuzumira pa windo, ndipo boti loyamba kutifikira linali la Fanuwelo, iye ataimirira kutsogolo ndi chingwe m'manja, akubwera kudzapulumutsa anthu amene sankawadziwa n'komwe.

Ndinatulutsa mwendo uja. Ndinakwera pamwamba ndi chitenje changa, ndinagwira chitsulo cha m'mbali, n'kukuwa ndi mawu onse amene ndinali nawo.

"Muli akazi muno! Tilipo atatu!"

Ana anga, sindidzaiwala mmene maboti aja anaimira. Injini zinkalira, mafunde ankawaponya uku ndi uku, koma palibe anasenderanso. Fanuwelo anatsitsa dzanja la chingwe lija. M'boti lina munali a Saidi, mkulu wa komiti ya asodzi pachilumbapo, kamunthu kowonda kamene kankagulitsanso tiyi pa msasa. Sanali munthu waukali. Anali ndi mantha kuposa tonsefe, ndipo anagwira kumutu.

"Astaghafirullah! Mayi, mwatitengera chiyani?"

"Sitinafune, bambo. Mphepo ndiyo yatibweretsa. Mmodzi ndi gogo, akumwalira."

"Tengani amuna okhawo!" wina anakuwa.

"Akaziwo tiwaolotsere kumtunda, ku Chikombe!"

"Pa mafunde awa? Ukawaolotse ndiwe!"

"Akhale m'boti pamadzi pomwepa mpaka mphepo itathe."

"Gogoyu pamadzi satha kupirira," ndinatero. "Akufunika pouma, posagwedezeka, ndi moto."

Onse ankalankhula pakamodzi, ndipo madzi anali atafika pa masitepe a khitchini. Mkamwini uja ankakuwa m'Chingerezi kufunsa chifukwa chimene maboti aimira. Abwana Msiska anabwera pambali panga, nkhope itasintha, n'kunena chapansipansi, "Mwamupha ndinu." Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinatsikira kwa Gogo Magi. Anatsegula maso n'kundifunsa chimene chikuchitika. Pakamwa panga panabwera kale mawu a masiku onse aja, akuti zonse zili bwino, tifika pompano. Ndinawameza. Ndinamuuza kuti boti likumira, kuti chilumbachi sichilola akazi, kuti amuna akukambirana, ndipo sindikudziwa chimene agwirizane. Aka kanali koyamba kuuza mlendo zoona zosakoma. Iye sanalire. Anangondigwira padzanja n'kuti, "Usandisiye."

Nditakweranso ndinapeza Fanuwelo atasendeza boti lake pafupi ndi la a Saidi.

"A Saidi, akaziwa alowe m'boti langa. Tikafika ku gombe asatsike. Tilinyamule ndi iwo omwe, tikalikhazike pa mitengo yokokerapo maboti. Mchenga sauona."

"Iwe Fanuwelo, zimenezo zinachitikapo liti?"

"Sizinachitikepo."

"Nanga akuluakulu akadzafunsa?"

"Mudzawauze kuti ndi ine. Ngati pali mlandu, ukhale wa ine ndi boti langa. Pasakhale wina."

A Saidi anamuyang'ana. "Ukudziwa chimene ukunena, mwana iwe? Boti limenelo..."

"Ndikudziwa."

A Saidi anatembenukira maboti ena. "Mwamva nonse? Wanena yekha." Kenako anakuwa, "Nanga mukudikira chiyani? Mukufuna munthu afere pamaso pathu?"

Alovi a Fanuwelo analumphira m'maboti a anzawo, ndipo iye anatsala yekha. Anatsitsa gogo uja mothandizana ndi a Jafali, atamukulunga m'mabulangete a hotelo, kenako mwana wake, kenako ine. Pondilandira sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Achemwali, khalani pakati. Manja onse m'kati." Amuna a m'boti mwathu anakwera maboti ena. Tinadutsa pa mafunde aja gogo ali pamiyendo panga, ndipo titayandikira gombe Fanuwelo anazimitsa injini n'kulumphira m'madzi.

Poyamba analowa amuna ochepa. Ena anaima pa mchenga manja atapinda. Boti silinanyamuke, ndipo funde linatimenya kumbuyo n'kutikhotetsa. Ndinaona a Saidi akuvula chipewa chawo n'kulowa m'madzi ndi malaya omwe, kamunthu kosatha kunyamula ngakhale thumba la ufa. Ataona zimenezo enawo anatsatira. Anatizungulira, madzi ali m'chifuwa, wina anayambitsa mfuu ya pokoka ukonde, ndipo boti linakwera pa mapewa awo. Tinayenda m'mwamba ngati maliro. Ndili pamwambapo ndinaona dzanja la gogo litalendewera kunja kwa boti, ndipo ndinalikoka mwamphamvu mpaka anabuula. Anatikhazika pa mitengo, kuseri kwa thanthwe, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo pansi panaleka kugwedezeka.

Amuna onse anatifulatira n'kupita kutali. A Saidi okha ndiwo ankabwera. Anatipatsira mbaula ya makala, kenako tiyi wa shuga wambiri, atamuika pa nkhafi n'kutambasula mkono kuti asakhudze boti. Ndinamwetsa gogo pang'onopang'ono ndi supuni, ndikumutikita mapazi. Mwana wake anafuna kutsika kuti akadzithandize, ndipo ndinamugwira diresi n'kumupatsa chitini chokapira madzi. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma ataona nkhope yanga sanatsutse. Tiyi anakhala m'mimba, kenako piritsi linakhalanso. Milomo ya gogo inayamba kubwerera mtundu wake. Ine ndi pamene ndinayamba kulira, ndipo sindinasamale kuti alendo akuona.

Dzuwa litapendeka mwera unagwa. Anatinyamulanso kutibwezera pamadzi. Fanuwelo anaitana alovi ake, koma palibe anabwera. Anaitananso, iwo n'kumayang'ana pansi. Anakwera ndi a Jafali okha, ndipo anatiolotsera ku Chikombe kumene galimoto ya hotelo inkadikira. Gogo Magi anagona m'chipatala masiku angapo, anachira, n'kubwerera kwawo ndi ana ake. Mlendo ndi mame. Sindinamvenso za iye.

2012 mpaka lero

Boti la hotelo analikoka n'kukalikonza ku Chipoka, koma ine sindinakwerenso. Abwana Msiska anauza eni ake kuti ndinakana lamulo pa nthawi ya ngozi, ndipo anandibwezera kochapa kumene ndinayambira. Tsiku londiuza anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko. "Mayi Edina, munachita juga ndi moyo wa mlendo. Munapambana, koma inali juga." Sindinawatsutse, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ankanama. Gogo uja akanatsirizika pa nthawi ya mkangano ija, sindikudziwa kuti bwenzi ndikukulemberani zotani. Ndinakwiya, inde, chifukwa za dizilo uja palibe anazitchula. Koma ndinachapa matawulo anga mpaka tsiku lopuma, mutu uli m'mwamba.

Za ine zinathera pamenepo, ndipo sizinali zazikulu. Zazikulu zinagwera Fanuwelo. Akuluakulu atamva nkhani yonse sanamuthamangitse. Njoka sizinatuluke, utaka unapitiriza kuphedwa. Koma boti lija palibe mlovi anafunanso kulikwera. Sankamunyoza, ankamupatsa moni bwinobwino, ena ankamutamanda kumene, koma akati tiyeni pamadzi, aliyense ankapeza chifukwa. Anayesa kuligulitsa, koma mbiri yake inali itafika kale m'magombe onse, ndipo wogula aliyense ankalizungulira n'kuchoka. Injini anaigulitsa kuti ana ake asasiye sukulu. Botilo analikokera kunyumba n'kulivundikira pansi pa mtengo wa mango, pamene inu mumakhala mukapita kukacheza. Munthu wa imvi anabwerera kokakoka maukonde a anthu ena, ndipo akukokabe.

Ndinapita kukamuona nditanyamula nkhuku, mawu opepesa nditawakonza njira yonse. Ndinamupeza akusoka ukonde wa eni ake. Nditangoyamba anandidula.

"Achemwali, nkhukuyo perekani kwa alamu anu aphike. Zinazo zisiyeni."

"Fanuwelo, boti lako..."

"Linkadontha kale limene lija. Ndinkafuna kulisiya."

Sanakwezenso maso pa ukonde uja, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitinaikambenso nkhaniyi. Ndikudziwa kuti inunso mukamufunsa amakuuzani zomwezo, ndipo mumamukhulupirira, chifukwa amalume anu si munthu wabodza. Koma ine ndinakhala pansi penipeni pa boti limenelo, ndi munthu wodwala pamiyendo, popita ku gombe pa mafunde a mwera, ndi poolokera ku Chikombe. Chitenje changa chinanyowa ndi madzi a pamwamba okha. Boti lija silinkadontha.